Mlendo ndi mame: zomwe ndidaphunzira pa Museum Hill ku Nairobi

Ulendo wanga woyamba kukwera ndege udali wa ku Nairobi, kukaona mwana wanga wamkazi yemwe amagwira ntchito kumeneko. Udali mwezi wa Julaye. Ndidalongedza malaya opepuka okhaokha poganiza kuti ku Kenya n'kotentha, koma ndidakapeza chisanu chonga cha ku Dedza, kumwamba kuli bii mpaka masana. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mkamwini wanga adachita kundibwereka jekete.

Nditatha masiku atatu ndikungoothera wailesi yakanema, mwana wanga adandifunsa kuti: “Ababa, tikakuonetseni kuti? Kumalo osungira nyama kapena kumashopu akuluakulu?” Ndidati ine andiperekeze ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Adaseka, nati uphunzitsi suchoka m'magazi. Sadaname. Kwa zaka zambiri ndinkatenga ana a Sitandade 7 kupita nawo ku myuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre, kukaona sitima yakale yoyendera nthunzi, galimoto yozimitsira moto ndi chimwala chomwe chidagwa kuchokera kumwamba ku Machinga m'chaka cha 1981. Pobwerako ana ankalemba chimangirizo chokoma kuposa masiku onse.

Popeza makolo ake adali kuntchito, wondiperekeza adali mdzukulu wanga wa zaka 15. Tidakwera minibasi, zomwe kumeneko amati matatu, nyimbo zili pamwamba ngati paukwati. Tidatsikira pafupi ndi kachitunda kotchedwa Museum Hill, pomwe msewu watsopano wam'mwamba womwe adautsegula mu 2022 umadutsa. Kunja kwa mpanda kudali phokoso ndi utsi wa galimoto. Titangolowa pageti, tidalandiridwa ndi mitengo, mbalame ndi mizere ya ana asukulu ovala mayunifolomu, aphunzitsi awo akuwerenga mitu monga ndinkachitira ine.

Myuziyamuyi idatsegulidwa pamalopa mu 1930 ndi dzina loti Coryndon, yemwe adali bwanamkubwa wachitsamunda, ndipo dzinali lidasinthidwa Kenya italandira ufulu. Pabwalo pali chifanizo cha njovu yotchedwa Ahmed, yomwe inkakhala kuphiri la Marsabit ndipo idali ndi minyanga italiitali. Mu 1970 Pulezidenti Jomo Kenyatta adalamula kuti njovuyi izilonderedwa usana ndi usiku kuopa opha nyama mozemba, ndipo idafa yokha ndi ukalamba mu 1974. M'chipinda chachikulu choyamba muli nsanja ya zikho ndi zipanda zochokera ku mitundu yosiyanasiyana ya anthu a m'dzikomo, zolumikizidwa pamodzi mpaka kumwamba. Ndidaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa zina mwa zipandazo sizikusiyana ndi zomwe amayi anga ankasungiramo thobwa.

Chipinda chomwe chidamugwira mtima mdzukulu wanga ndi cha mafupa a anthu akalekale. Mmenemo ndi momwe muli nkhani ya mnyamata wa ku Turkana, yemwe mafupa ake adapezeka mu 1984 kuzambwe kwa nyanja ya Turkana. Adawatulukira ndi Kamoya Kimeu, mbadwa ya Kenya, ndipo akatswiri amati mnyamatayo adakhalapo zaka pafupifupi 1.5 miliyoni zapitazo. Ndidamuuza mdzukuluyo kuti asaone ngati kwathu kulibe zotere. Ku Uraha, m'boma la Karonga, kudapezeka chibwano cha munthu wakale mu 1991 chomwe amati n'cha zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo ku myuziyamu ya ku Karonga kuli chinyama chija amati Malawisaurus.

Iye adandiyang'ana n'kufunsa funso lomwe ana a kwathu sadandifunsepo: “Agogo, nanga ndalama zosamalira zonsezi amapereka ndani?”

Ndidayankha zomwe ndinkadziwa. Myuziyamu yomwe tidalimoyi idatsekedwa mu 2005 kuti ikonzedwe ndi kukuzidwa, n'kutsegulidwanso mu 2008, ndipo ndalama zambiri za ntchitoyo zidachokera ku European Union. Ya ku Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, idamangidwanso ndi thandizo la bungwe lomweli. Yankho lenileni la funsoli ndidakalipeza titapita kukamwa tiyi.

Pamalo odyera padali podzadza, choncho tidakhala tebulo limodzi ndi mayi wina wachikulire, wa imvi ndi magalasi. Atatimva tikutchula mawu ngati nyumba, mbuzi ndi nyama, omwe aliponso m'Chiswahili, adafunsa komwe tachokera. Nditati ku Malawi, nkhope yawo idawala. Adati adagwira ntchito zaka zambiri m'zipinda zosungiramo katundu wa myuziyamu asadapume, ndipo adaphunzirapo limodzi ndi anzawo a ku Malawi ndi ku Zambia. Atamva kuti ndidali mphunzitsi adayamba kunditchula kuti Mwalimu, ine n'kumawatchula kuti Mama, monga amachitira kumeneko. Kenaka adandifunsa ngati ndidamvapo za AFRICOM.

Mdzukulu wanga adathamangira pafoni. Zomwe zidatuluka zidali zithunzi za asilikali, chifukwa nthambi ya asilikali a America yoyang'ana za Africa, yomwe idakhazikitsidwa mu 2007 ndipo likulu lake lili ku Stuttgart m'dziko la Germany, imatchedwanso AFRICOM. Mayiwo adaseka mopukusa mutu. Yomwe ankanena iwo ndi International Council of African Museums, bungwe la anthu ogwira ntchito m'mamyuziyamu a mu Africa, lomwe lidatenga dzinali kale asilikaliwo asadalitenge.

Mbiri yake idayamba mu Novembala 1991, pomwe bungwe la mamyuziyamu a dziko lonse lapansi la ICOM, lomwe likulu lake lili ku Paris, lidachititsa misonkhano ku Benin, Ghana ndi Togo. Funso la misonkhanoyo lidali loti Africa ikufunika mamyuziyamu otani. Mtsogoleri wa ICOM panthawiyo adali Alpha Oumar Konaré wa ku Mali, yemwe chaka chotsatira adasankhidwa kukhala pulezidenti wa dziko lake. Iye ankalimbikira kunena kuti myuziyamu yongotengera ya azungu, yoika zinthu m'magalasi kuti alendo aziona eni ake ali kunja, iyenera kutha kuti pabadwe ina yotumikira anthu a pamalopo. Kuchokera m'misonkhanoyo mudatuluka ntchito yotchedwa AFRICOM, yomwe poyamba inkayendetsedwa ndi ICOM. Mu Okutobala 1999 akatswiri adakumana ku Lusaka, kwa anansi athu, n'kugwirizana kuti likhale bungwe loima palokha. Likulu adaliika ku Nairobi. Msonkhano waukulu woyamba udachitikira komweko mu 2003, wachiwiri ku Cape Town mu 2006.

Wina angafunse kuti anthu osunga mibiya ndi mikondo amafuniranji bungwe. Mayiwo adandifotokozera ndi zitsanzo za ntchito yawo. Wosamalira katundu wa myuziyamu nthawi zambiri amakhala yekha m'dziko lonse, kapena awiri. Anankafumbwe ndi chiswe zikalowa m'ng'oma, njenjete zikayamba kudya nsalu ndi zikopa, chinyontho chikayamba kuumbitsa nkhungu pazithunzi, alibe mnzake wapafupi womufunsa. Mabuku ambiri a ntchitoyi adalembedwera mayiko ozizira, komwe magetsi sazima ndipo zipinda zili ndi makina oziziritsa. Wothandiza weniweni ndi mnzako wa ku Bamako kapena ku Livingstone yemwe adalimbanapo ndi vuto lomwelo popanda makinawo. Koma kuti umuimbire foni uyenera kumudziwa, ndipo kuti umudziwe payenera kukhala wina wokukumanitsani.

Ntchito ina ndi ya kaundula. Mu 1996 kudatuluka buku lolongosola kalembedwe kofanana ka katundu wa m'mamyuziyamu a mu Africa, lomwe adalikonza ndi akatswiri a m'mayiko angapo a kuno mogwirizana ndi ICOM. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala, chithunzi, muyeso, komwe chidachokera ndi zizindikiro zake. Zikumveka ngati ntchito ya ukalaliki, koma chinthu chikabedwa, apolisi a Interpol sangachisake popanda chithunzi ndi kufotokoza kotere. Mu 2000 ICOM idatulutsanso mndandanda wa mitundu ya zinthu zofukulidwa mu Africa zomwe zimabedwa kwambiri, monga zoumba za Nok za ku Nigeria ndi za m'chigwa cha mtsinje wa Niger ku Mali, kuti ogwira ntchito m'zipata ndi ogula azizizindikira.

Ku Kenya komweko kuli nkhani yoonetsa kufunika kwa chithunzi ndi kudziwana. Anthu a mtundu wa Giriama, a kugombe la nyanja yamchere, amasema mitengo yotchedwa vigango n'kuizika pamudzi pokumbukira akuluakulu omwe adamwalira. Amakhulupirira kuti kuizula n'kuitana tsoka pabanja. Komabe mazanamazana a mitengoyi adabedwa n'kukagulitsidwa kunja. Mu 1985 wofufuza wina adajambula vigango ziwiri pamudzi wina, ndipo pasadapite nthawi zidabedwa. Patapita zaka, pamsonkhano wa akatswiri ku America, adazindikira chimodzi pachithunzi chomwe mnzake ankaonetsa. Chidali ku Illinois State Museum, ndipo chinzake chidakapezeka ku myuziyamu ya Hampton University. Pofika 2007 zonse ziwiri zidali zitabwerera kumudzi kwawo. Pakadapanda chithunzi ndi msonkhano, banjalo likadangolira mpaka lero.

Nkhani ngati iyi si ya ku Kenya kokha. Chigaza cha munthu wakale chomwe chidapezeka mumgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambirimbiri. Dziko la France lidabweza zinthu 26 ku Benin mu 2021. Zokambirana zotere zimafuna anthu odziwa malamulo, odziwa mbiri ya chinthucho, komanso olankhula mawu amodzi. Dziko limodzi likapita lokha, limauzidwa kuti lidikire.

Ndidafunsa mayiwo kuti nanga bungwe lofunika chotere lili kuti lero, popeza ngakhale foni ya mdzukulu wanga siikulidziwa. Adavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Adati ndalama zambiri zoyendetsera AFRICOM zinkachokera ku Sida, bungwe la boma la Sweden lothandiza pachitukuko, kuphatikizapo abwenzi ena ochepa. Anthu a ku Sweden adachita zambiri ndithu, ndipo adali ndi ndondomeko ina yopalanitsa ubale pakati pa mamyuziyamu a kwawo ndi a mu Africa. Koma thandizo lalikululo litafika kumapeto, padalibe china cholowa m'malo mwake. Ntchito zidazilala, ndipo kwa zaka zambiri bungweli lidangoti zii, ngakhale akatswiri akhala akukambirana zolidzutsa.

Mayiwo sadanyoze aliyense, ndipo inenso sindikunyoza. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zipinda zokongola zomwe tidayendamo tsikulo ndi umboni. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Thandizo lakunja limabwera m'mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu. Maboma a kumeneko amasintha, ndipo zofuna zawo zimasintha nawo. Ife a Malawi tidazionera tokha mu 2025, thandizo la USAID litaima mwadzidzidzi, zipatala ndi mabungwe n'kusowa pogwira. Ngati zidatero ndi zaumoyo, kuli bwanji ndi mibiya ndi zigoba za gule?

Vuto lina lili pa mtundu wa ndalama zomwe bungwe lotere limafuna. Wothandiza amakonda kulipira chinthu chooneka, monga nyumba, chionetsero kapena maphunziro a sabata ziwiri okhala ndi chithunzi cha gulu pamapeto. Koma moyo wa bungwe uli m'zinthu zosaoneka: lendi ya ofesi, malipiro a munthu woyankha makalata, womasulira pakati pa Chingerezi ndi Chifalansa, ndi matikiti a ndege. Kuyenda mu Africa momwe muno n'kodula, ndipo wochokera ku Lilongwe kupita kumadzulo kwa Africa amayamba wazungulira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Mamembala nawo ndi anthu a malipiro ochepa, ogwira ntchito m'nthambi za boma zomwe pogawa bajeti zimakumbukiridwa kumapeto. Ndalama za umembala zokha sizingalipire zonsezi, ndipo pomwe mlendo ankalipira, padalibe chokakamiza maboma athu kuzolowera kupereka.

Pali ena omwe adayesa njira ina. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la ICCROM la ku Rome lidayendetsa maphunziro otchedwa PREMA, ophunzitsa ogwira ntchito m'mamyuziyamu a mu Africa kuteteza katundu kuti asaonongeke. Maphunzirowo akupita kumapeto, kudabadwa sukulu ziwiri. Ya olankhula Chifalansa, École du Patrimoine Africain, idatsegulidwa ku Porto-Novo m'dziko la Benin mu 1998, ndipo ya olankhula Chingerezi idakhazikitsidwa ku Mombasa. Ya ku Porto-Novo adaikonzera thumba lapadera lomwe mpamba wake sudyedwa, koma chiwongoladzanja chokha ndicho chimathandiza kuyendetsa sukulu. African World Heritage Fund, yomwe idakhazikitsidwa ku South Africa mu 2006, ilinso ndi thumba lotere, ndipo maboma ena a mu Africa amaponyamo. Amayi a banki m'khonde kwathu angamvetse msanga nzeruyi: mpamba sadya.

Tiyi atatha tidatsanzikana. Mayiwo adandigwira dzanja ndi manja awiri, nati ndikapereke moni kwa anzawo a ku Malawi ngati akadali moyo. Ine ndi mdzukulu wanga tidatsikira kumunda wa mitengo ndi zitsamba womwe uli kumunsi kwa myuziyamu, kufupi ndi mtsinje wa Nairobi. Iye ankafuna kukaona njoka, poti pamalo pomwepo pali posungira njoka, koma ine ndidakana, ndidati njoka ndidaziona zokwanira kumunda. Ndidakhala pabenchi n'kumaganiza za kwathu.

Tili ndi zambiri zofuna manja a akatswiri. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO idawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zidalemekezedwa ndi bungwe lomweli mu 2005, ndipo Gule Wamkulu tidalembetsa limodzi ndi Zambia ndi Mozambique, chifukwa Achewa sadathere pa Mchinji kapena pa Dedza. Ku Mua kuli malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, komwe kuli zigoba mazanamazana. Ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Namaka kulinso mamyuziyamu. Mnyamata kapena mtsikana yemwe wangolembedwa ntchito m'malo amenewa akufunika kudziwa yemwe angamufunse ku Livingstone, ku Maputo kapena ku Harare. Chigoba chathu chikakaoneka pamsika wa ku Brussels, pakufunika wina wochizindikira ndi wina womuimbira.

Maganizo anga, monga munthu wamba wokonda malowa, ndi awa. Abwenzi akunja tiwalandire ndi manja awiri, koma ndalama zosunga bungwe lamoyo zichokere kuno. Boma lililonse lomwe lili ndi myuziyamu liike m'bajeti kandalama ka umembala chaka ndi chaka, monga limachitira ndi mabungwe ena omwe dziko lidalowa. Myuziyamu iliyonse ipatule kagawo kochepa pa ndalama za pakhomo. Yomwe ilibe ndalama ipereke chomwe ili nacho, kaya chipinda cha ofesi, kaya wantchito mmodzi wogwira za bungwe masiku awiri pasabata. Misonkhano yambiri ichitike pa intaneti, zomwe mu 1999 zidali zovuta koma lero n'zotheka, ndipo ya maso ndi maso ikhale ya mayiko oyandikana, komwe munthu angapite pabasi. Lilongwe ndi Chipata si patali.

Pokambirana ndi othandiza, atsogoleri athu asachite manyazi kupempha kuti gawo lina la thandizo lipite kuthumba losadyedwa, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa maphunziro a m'mahotela. Asadalirenso bwenzi limodzi. Mabanki ndi makampani a mafoni omwe amathandiza mpira ndi zoimbaimba angathenso kuthandiza pano atafikiridwa bwino, ndipo mayunivesite athu ali ndi ophunzira omwe angathandize kujambula ndi kulemba kaundula. Ifenso eni ake tili ndi mbali yathu. Ambiri timadutsa pa Chichiri kupita kumashopu kapena kumpira osapatukako, kenaka n'kumadabwa kuti chifukwa chiyani azungu ndiwo amalipira.

Madzulo a tsikulo mkamwini wanga adafunsa mwana wake zomwe adaona. Ndinkayembekeza kuti atchula njovu kapena mafupa. Iye adayamba ndi nkhani ya vigango ziwiri zija, n'kufunsa ngati zinthu za ku Chichiri zonse zidajambulidwa. Ndidamulonjeza kuti ndikafika kumudzi ndikafunsa.

Nditabwerera ndidapitadi ku Chichiri Loweruka lina. Sitima ija ili pomwe ndidaisiya, ndipo pakhomo padali basi ya ana asukulu. Ndidalipira ndalama yolowera, n'kulipiriranso ana awiri omwe adaima pageti akusuzumira. Adzukulu anga a kuno ndawauza kuti tchuti chikubwerachi tikupita ku Mua, ndipo aliyense ayambiretu kusunga yolowera.